Kodi Matewera a ku Wetan Kali Ankapita Kuti?

Tsiku limene Bu Warsini anasiya kugulitsa phala, poto wawo anali wodzaza mpaka m'khosi. Anali ataphika monga mwa masiku onse: mpunga wofewa bwino, nkhuku yonyotsola pamwamba, anyezi wokazinga, tsabola pambali. Anaima ndi kangolo kawo pakamwa pa kanjira kathu kuyambira mapemphero a m'bandakucha atangotha mpaka dzuwa litafika paliwombo. Palibe anagula. Anthu ankadutsa atayang'ana kumwamba, ngati kuti kumitambo kwalembedwa uthenga wofunika.

Inu amene mwabwera kudzafuna mawu olimbikitsa, dziwiranitu kuti nkhani iyi ndi ya zinyalala ndi zotuluka m'mimba mwa makanda. Ngati mukudya, malizani kaye.

Sabata imeneyo madzi a mvula anali atasefukira n'kulowa m'nyumba za m'dera lathu la Wetan Kali, kum'mawa kwa chilumba cha Java kuno, kumene mayi timati Bu, bambo timati Pak, agogo timati Mbah. Atangophwera, ana khumi ndi anayi anatsegula m'mimba. Atatu anagonekedwa kuchipatala, ndipo mmodzi mwa iwo anali Nuri, kamtsikana ka zaka zitatu, mwana wa Lilik. Lilik anachokera kuchipatala maso ali psuu, mimba ya mwana wachiwiri ili patsogolo, n'kudzaima pamaso pa kangolo kaja.

"Mwana wanga anadya phala lanu Lachiwiri. Lachitatu ali pa diripi. Mumathiramo chiyani, Bu?"

"Zomwe ndakhala ndikuthiramo zaka khumi ndi zisanu, mwanangu."

"Musanditche mwana wanu. Mukanakhala ndi mwana wanuwanu bwenzi mukusamala."

Bu Warsini anali mayi wamasiye wa zaka makumi asanu, ndipo m'banja mwawo sanaonemo mphatso ya mwana. Anavundikira poto.

Komiti ya dera inakumana. Tcheya wathu anali Pak Harjito, amene kale ankadula matikiti padepoti ya mabasi, ndipo chichokereni kumeneko sanasiye kukhulupirira kuti palibe chimayenda iwo asanaloleze. Ankalankhula pa chimkuzamawu ngakhale m'chipinda muli anthu asanu ndi awiri. Anagamula kuti Bu Warsini asiye kugulitsa mpaka komiti yapadera itafufuza. Ine ndinali mlembi, ndipo chigamulocho ndinachilemba ndi dzanja lokongola kwambiri. Komiti yapaderayo sinakumanepo mpaka lero.

Panali ntchito imodzi yokha imene inalibe mwini. Wotola zinyalala wathu anali atapita kukagwira ntchito kuminda ya kanjedza, ndipo palibe mwamuna ankafuna ngolo yake. Bu Warsini anaitenga. Tinjira tathu n'topanikiza, lole singalowemo. Choncho ntchito inali kukoka ngolo khomo ndi khomo, kukakhuthula pabwalo lopanda nyumba kuseri kwa sukulu, n'kuyatsa moto madzulo. Ndi mmene zinkachitikira chiyambire.

Anthu ena anawamvera chisoni. Iwo chisoni sankachifuna. Ankafuna dzina lawo, chifukwa tsopano m'dera monse ankadziwika kuti ndi mayi amene anadwalitsa ana. Komanso anali ndi nthenda ina yosachizika: funso likawalowa m'mutu, silinkatuluka mpaka litayankhidwa. Ana atatu mwa odwala aja sanalawepo phala lawo. Ndiye anadwala ndi chiyani?

Zinyalala, abale, zimaulula. M'masiku ochepa Bu Warsini anadziwa banja limene limadzitama ndi nyama pomwe limadya mazira tsiku ndi tsiku. Anadziwanso chifukwa chake tsitsi la atcheya silimera imvi, pakuti timabokosi ta mankhwala akuda tinkatuluka m'nyumba mwawo mwezi uliwonse. Sanauze munthu. Koma sabata yachitatu anaimitsa ngolo pakhomo panga.

"Pak mlembi, m'dera muno muli makanda angati?"

Ndinatsegula kaundula mwaulemu wake. "Makumi awiri ndi asanu ndi mmodzi."

"Amavala chiyani?"

"Matewera a m'sitolo, ovala kamodzi n'kutaya. Masiku ano ndani achapa?"

"Ndiye makanda athu ndi angelo, Pak. Sachita chimbudzi. Masabata atatu ndikutola zinyalala, sindinaonepo thewera ngakhale limodzi."

Ndinawalonjeza kuti ndiika mfundo imeneyi pa ndondomeko ya msonkhano wotsatira.

Iwo sanadikire msonkhano. Mawa lake, kutangocha, anakakhala pafupi ndi mlatho wa pakamtsinje kathu ngati akupuma. Anaona abambo opita kuntchito akuchepetsa liwiro la njinga yamoto pamlathopo, dzanja lamanzere likutsika pang'ono, kathumba kakuda n'kugwera m'madzi. Anaona azimayi opita kumsika akuchita chimodzimodzi. Awa sanali anthu auve. Anali anthu osesa pakhomo kawiri patsiku, ovula nsapato asanaponde pakhonde.

Anadula nsungwi yaitali, namangirira mbedza kunsonga, n'kutsatira madziwo mpaka pamene kamtsinje kamalowa m'chipaipi chodutsa pansi pa msewu waukulu. Anapisa mbedza. Chimene chinatuluka chinali thewera lotupa ngati pilo, lolemera ngati njerwa. Anapisanso. Lina. Pofika masana anali ataunjika mulu wofika m'chiuno, koma chipaipi chinali chikadali chotseka.

Kenaka anatembenuka. Mapazi makumi awiri kuchokera pamenepo panali chitsime cha dera, chopanda mpanda, chimene madzi osefukira anachimiza masiku awiri athunthu. Tonse tinkatsukira mbale madzi a pamenepo. Nawonso Bu Warsini mbale zawo za phala ankatsukira omwewo.

Anakhala pansi pamwala kwa nthawi yaitali. Anandiuza pambuyo pake kuti chimene chinawapweteka n'chakuti Lilik mwina sananame kwenikweni. Mphika unali woyera, koma mbale?

Ananyamula ndowa yodzaza matewera n'kukaitula pakati pa msonkhano wa komiti. Msonkhano umenewo ndi umene unatha msanga kuposa yonse m'mbiri ya Wetan Kali. Pak Harjito, mphuno ataitseka ndi mpango, analamula kuti pamlatho paikidwe chikwangwani choletsa kutaya zinyalala. Chinali chachikulu ngati chitseko cha galaja, ndipo pakona pake panali chithunzi chawo ataloza chala. Chinathandiza kwambiri: tsopano munthu ankatha kuima kuseri kwake n'kuponya kathumba osaonedwa ndi a mumsewu.

Kenaka tinaitana namwino wa pachipatala chaching'ono. Analankhula ola lathunthu za tizilombo, ndi zithunzi zomwe. Azimayi anagwedeza mitu, onse akuti, "Inde, inde." Kwathu kuno munthu akati inde amatanthauza kuti wamva kuti pakamwa pako pakutuluka mawu. M'mawa mwake timatumba tinagwa monga mwa nthawi zonse.

Miyezi inapita. Bu Warsini anali atadziwa kumene matewera amapita, koma funso linangosintha malaya. Chifukwa chiyani? Ngolo imafika pakhomo penipeni. Munthu angasiyirenji ngolo n'kuyenda ulendo wa kumlatho? Akafunsa azimayi, iwo ankaseka mwamanyazi n'kuyamba kukamba za mtengo wa tsabola.

Yankho linachokera kwa munthu amene manyazi sankawadziwa. Mbah Ngatemi, apongozi ake a Lilik, anali mayi wachikulire wa mawu opambana chimkuzamawu cha atcheya. Pa nthawiyi Lilik anali atabereka mwana wamwamuna, ndipo m'mawa wina Bu Warsini anakumana ndi Mbah pamlatho, kathumba kali m'manja.

"Mbah, ponyani m'ngolo muno, ndikupeputseni."

Mbah anabisa kathumba kumbuyo ngati wina akufuna kuwalanda golide.

"Wapenga? Ndikupatse thewera la mdzukulu wanga, iwe woyenda ndi machesi m'thumba?"

"Machesi alakwa chiyani, Mbah?"

"Taonani munthu wamkulu ngati uyu! Sunamvepo za suleten? Thewera likapsa ndi moto, matako a mwana amatuluka matuza ngati wakhalira chiwaya. M'madzi ndi mozizira. Thewera likazizidwa, mwana amagona bwino. Iwe madzulo alionse umayatsa chimoto kuseri kwa sukulu, ndiye ukuti tikupatse ana athu uwawotche?"

Anaponya kathumba m'madzi, napukuta manja, n'kumapita.

Bu Warsini anatsala pamlathopo. Anakumbukira kuti mayi awo omwe sankalola kuti kansanza ka khanda kayandikire moto. Koma nthawi imeneyo matewera anali a nsalu. Unkachapa, kuyanika, n'kuvekanso. Nsalu zinatha, mwambo unatsala. Ndipo popeza iwo analibe mwana, nkhani za kuchipinda kwa makanda zinkawadutsa.

Madzulo ndinafunsa mkazi wanga ngati anamvapo zimenezi.

"Aliyense amadziwa," anatero osasiya kusenda adyo.

"Nanga bwanji simunandiuze? Ine ndine mlembi wa komiti."

"Ana athu atatu aja, munagwirapo thewera la uti?"

Pak Harjito ali ndi ana asanu. Nawonso anamva koyamba tsiku lomwelo. Anafuna kulengeza pa chimkuzamawu kuti zimenezi ndi zikhulupiriro zachikale zosayenera dera lotukuka. Bu Warsini anawapempha kuti adikire kaye.

"Pak, azimayiwa sakutaya zinyalala. Akuteteza ana awo. Mukawauza kuti asiye, mukuwauza kuti asiye kukonda ana. Ndani akumverani?"

M'mawa mwake anagogoda pakhomo pa Mbah Ngatemi. Anatulutsa bokosi la machesi m'thumba n'kuliika m'manja mwa mayi wachikulireyo.

"Sungani ndinu, Mbah. Kuyambira lero kuseri kwa sukulu sikuyakanso moto."

Kunena kunali kosavuta. Kusawotcha kunatanthauza kukoka ngolo yodzaza mtunda wa makilomita awiri, kudutsa njanji, mpaka kuseri kwa msika kumene malole a mzinda amanyamulira zinyalala. Kawiri patsiku. Panjanji matayala ankakodwa, ndipo ankadikira wodutsa wachifundo kuti awakankhire. Anapezanso diramu la buluu la chivundikiro, naliika pamthunzi wa mtengo wa mango pafupi ndi mzikiti, nalembapo ndi penti yoyera: MATEWERA OKHA. MUNO MOTO SUFIKA.

Mwezi wathunthu m'diramumo munagwa nsapato imodzi ndi khoswe wakufa. Iwo ankalitsukabe m'mawa uliwonse.

Tsiku lina Mbah anawaimitsa. "Iwe suwotcha, ndaona. Nanga a malolewo? Ukudziwa kumene amapita nazo?"

"Sindikudziwa, Mbah. Tiyeni tikaone."

Anakambirana ndi dalaivala wina, ndipo azimayi awiriwo anakwera kutsogolo kwa lole ya zinyalala, Mbah atavala zovala zawo za kuukwati. Kumtaya wa mzinda anapeza chikatapila chikukankha zinyalala n'kumazikwirira ndi dothi. Mbah anatsika, nayendayenda, nanunkhiza mphepo ngati wogula nsomba. Kenaka anawerama n'kuika chikhatho padothi lonyowa.

"Kununkha kokha kukununkha," anatero. "Koma moto palibe."

M'mawa mwake, anthu akuona, Mbah Ngatemi anaponya kathumba m'diramu. Anali atakamanga ndi kansalu kofiira kong'amba ku chitenje chakale, kuti azitha kuzindikira matewera a mdzukulu wawo ngati wina atachita nawo zachinyengo. Azimayi ena anayi anatsatira.

Tsiku lachinayi mwana wa Lilik anadzuka matako ali psuu, totupa tili mbwee.

Mawu a Mbah anamveka mpaka kunjanji. Anthu anatuluka m'nyumba n'kuwatsatira mpaka pakhomo pa Bu Warsini. Lilik anali pambuyo, khanda likulira paphewa.

"Tuluka! Unayamba ndi wamkulu, tsopano wafika kwa wamng'ono! Wawotcha kuti matewera a mdzukulu wanga?"

Wina m'gulumo anati, "Tinanena ife." Pak Harjito anafika akumanga mabatani a malaya, okonzeka kukhazikitsa komiti ina yapadera.

Bu Warsini anatuluka, napempha anthu kuti azungulire kuseri kwa nyumba. Kumeneko kunali ndowa yaikulu yovundikira ndi chiguduli chonyowa. Anachotsa chigudulicho. M'ndowamo munali timatumba, tonse tomanga ndi kansalu kofiira.

"Werengani, Mbah. Muone ngati pali kamene kasowa."

Mbah anawerenga. Anawerenganso. Anagwira kathumba kalikonse. Timatumba tonse tinalipo, tozizira ngati tangotuluka m'mtsuko.

"Sunapite nato kumsika?"

"Ayi. Makanda amatuluka totupa, Mbah, kaya thewera lapita kumadzi kaya lapita kumwezi. Ndinadziwa kuti tsiku lina zidzachitika, ndipo ndinadziwa khomo limene mudzagogode. Ndinanamiziridwapo kamodzi ndilibe choonetsa. Kachiwiri ayi."

Ndiye Lilik analankhula, motsitsa mawu, maso ali pansi.

"Amayi, Nuri ali wakhanda anatulukanso zomwezi. Kawiri. Ndipo matewera ake onse tinkaponya mumtsinje."

Mbah anayang'ana mpongozi wawo, nayang'ana ndowa, nayang'ana kumwamba.

"Ndiye ndi kutentha kwa nyengoyi," anagamula. "Kwatentha kwambiri chaka chino. Mukuyang'ana chiyani inu? Kulibe ntchito kwanu?"

Musaganize kuti Mbah anasiya kukhulupirira suleten. Amakhulupirirabe mpaka lero, ndipo mukatsutsana nawo mudzatopa ndinu. Chimene anasiya ndi kukayikira Bu Warsini. Namwino anapereka mafuta opaka, nalangiza kuti mwana azisinthidwa pafupipafupi, ndipo totupa tinatha m'masiku atatu. Kuyambira pamenepo Mbah anadziika okha kukhala mlonda wa mlatho. Bambo wina atachepetsa liwiro la njinga ndi kathumba m'manja, anamva dzina lake, la bambo ake ndi la agogo ake akutchulidwa mokweza, ndipo anapitirira nako kathumbako mpaka kuntchito.

Diramu linayamba kudzaza. Tinawonjezera lachiwiri. Matewera onyowa ndi olemera, ndipo maulendo a kumsika anakhala anayi patsiku. Msana wa Bu Warsini unayamba kudandaula, koma ngolo sinagonepo. Potsiriza abambo anachita manyazi. Lamlungu lina tinalowa tonse m'kamtsinje ndi makasu, n'kutsegula chipaipi chija. Tinamangira chitsime mpanda wa simenti wofika m'chiuno. Pak Harjito anagwira khasu nthawi yokwanira kujambulitsa chithunzi.

Mvula inabwera mu Januwale, yamphamvu kuposa ya chaka chatha. Tinaima pamakonde kudikira madzi kuti alowe. Anadutsa m'chipaipi akuimba, n'kumapita. Nyengo yonseyo ana awiri okha ndi amene anatsegula m'mimba, ndipo palibe anagonekedwa.

Pamsonkhano wotsatira atcheya analankhula mphindi makumi anayi za masomphenya awo a diramu la buluu, amene anati anawabwerera akupemphera. Ndinalemba zonse. Atatha, Bu Warsini anaimika dzanja.

"Pak, komiti yapadera ija yapeza zotani? Ndikufuna kuphika."

Atcheya anayang'ana ine. Ine ndinayang'ana m'kaundula. Tinagwirizana kuti kafukufuku watha bwino. Ngolo ya zinyalala inapatsidwa kwa abambo awiri, pakuti zinaoneka kuti ntchito imene mayi mmodzi ankagwira imafuna amuna awiri.

Lolemba m'mawa kangolo ka phala kanaimanso pakamwa pa kanjira. Pambali pake panali chinthu chatsopano: poto wachiwiri wa madzi owira, momwe mbale iliyonse inkaviikidwa. Anthu anaima patali, aliyense akudikira kuti ayambe mnzake. Ena anali atabisa mbale zochokera kunyumba m'zikwama, kuti ngati agule, agulire m'mbale zawozawo.

Lilik anatulukira atagwira Nuri padzanja. M'manja mwake munalibe mbale.

"Ziwiri, Bu. Tidyera pompano."

"Mbale simunatenge?"

"Zanuzo."

Bu Warsini anavuula mbale ziwiri m'madzi owira, napakula, nawaza anyezi. Nuri anakhala pabenchi n'kuyamba kuuzira phala lake.

"Tsabola, mwanangu?"

Mawuwo anangowapulumuka. Anaima, chipande chili m'mwamba.

"Pang'ono pokha," anatero Lilik, n'kupereka mbale yake.

Pofika nthawi yolowa ana m'kalasi, poto anali atauma.

Tsono inu amene mwagwa, amene dzina lanu lili m'matope ndipo anthu akukudutsani atayang'ana kumitambo, ine ndilibe masomphenya ngati atcheya athu. Ndingokuuzani zimene ndinaona. Mayi uja anatenga ntchito imene aliyense ankaithawa, ndipo ali m'kati mwa fungolo sanatseke maso. Anafunsa funso limene ife a makaundula tinaliona lopusa, nalifunsabe mpaka linayankhidwa. Anatsuka diramu lopanda kanthu mwezi wathunthu. Ngati lanu likadali lopanda kanthu, mawa m'mawa kalitsukeninso. Mtima usagwe, ndipo musaleke kufunsa.

Machesi aja akadali kwa Mbah Ngatemi. Bu Warsini anawapemphapo kamodzi kuti ayatsire chitofu cha phala. Anakanizidwa.